Filingi siteshoni ikatsekedwa, ndani ayeze madzi a pansi?

Mu 1996 akuluakulu oyang'anira madzi mumzinda wa Santa Monica, m'chigawo cha California ku America, anazimitsa mapampu a zitsime zawo za ku Charnock. Sikuti zitsimezo zinali zitaphwa ayi. Madzi analimo ochuluka, ndipo munthu akawatunga m'kapu ankaoneka oyera bwinobwino. Koma zotsatira za ku labotale zinkanena zina. M'madzimo munali mutalowa MTBE, mankhwala amene makampani ankasakaniza ndi petulo kuti aziyaka bwino ndiponso kuti galimoto zisamatulutse utsi woipa wambiri. M'chitsime china mankhwalawa anafika pa ma microgram 610 pa lita imodzi. Chaka chotsatira bungwe la EPA, lomwe limateteza zachilengedwe m'dzikolo, linalangiza kuti MTBE m'madzi akumwa asapyole 20 mpaka 40, poti akapyola apo madziwo amayamba kununkha ndi kuipa m'kamwa.

Mzindawu unataya pafupifupi theka la madzi ake akumwa, n'kuyamba kugula ochokera kutali. Ofufuza atalondola kumene mankhwalawo ankachokera, anakafika pa mathanki ndi mapaipi a mafuta okwiriridwa pansi, ambiri mwa iwo a m'mafilingi siteshoni a m'deralo. Makampani akuluakulu a mafuta, kuphatikizapo Shell, Chevron ndi ExxonMobil, pomaliza anavomera kulipira. Komabe madzi a ku Charnock anadzayambanso kufika m'mipopi ya anthu mu 2010, atamanga malo osefera ndi makala apadera. Panali patapita zaka 14.

Chovuta ndi thanki ya petulo n'chakuti palibe amene amaiona. Woyendetsa galimoto amaona pampu ndi mnyamata kapena mtsikana womwetsa mafuta. Mathanki ali pansi pa simenti imene galimotoyo yaimapo, ndipo mathanki akale ambiri anali achitsulo chosakutidwa ndi kalikonse. Chitsulo chikakhala m'dothi lonyowa zaka makumi awiri kapena atatu, dzimbiri limachidya. Nthawi zina thanki imakhala yabwino koma polumikizira mapaipi ndi pamene pamachucha. Nthawi zina ndi dalaivala wa thankala amene wathira mopyoza, mafuta n'kusefukira pakamwa pa thanki. Kabowo konga ka singano sikaoneka ngati nkhani, koma dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita oposa 1,500 pachaka.

Mafutawo amatsika m'dothi pang'onopang'ono mpaka kukafika pa madzi a pansi, aja amene chitsime ndi mjigo zimakatapa. Popeza petulo ndi dizilo n'zopepuka kuposa madzi, zimayandama pamwamba. Nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera, mafuta n'kukwera nawo. M'chilimwe amatsika, mafuta n'kutsala atamatirira m'dothi monga mmene mafuta ophikira amatsalira m'mbali mwa poto. Chaka ndi chaka madzi akabwerera pa dothi limenelo amasungunula mankhwala ena n'kuwatenga ulendo, kulowera kumunsi, kudutsa pansi pa mpanda, pansi pa msewu, osafunsa kuti poloti iyi ndi ya yani. N'chifukwa chake kutseka filingi siteshoni, kuzula mapampu ndi kupenta nyumbayo kuti ikhale golosale sikuthetsa kalikonse pansipo.

Mwa mankhwala onse a mu petulo, amene madokotala amada nawo nkhawa kwambiri ndi benzene, chifukwa zinatsimikizika kale kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti benzene asapyole ma microgram 10 pa lita ya madzi akumwa, pomwe lamulo la ku America linaika malire pa 5. Microgram ndi kanthu kochepetsetsa: galamu imodzi mukaigawa m'tizigawo miliyoni, kachigawo kamodzi ndi kameneko. Sipuni imodzi yaing'ono ya benzene ndi yokwana kufikitsa pa malire a WHO madzi a m'migolo yoposa 2,000 ya malita 200. Pa mlingo wotere mphuno siimva kanthu. Banja litha kumwa madziwo zaka zambiri likuwayamikira kuti ndi okoma. Klorini amene amathiridwa m'ndowa amapha tizilombo ta kolera koma sachotsa benzene, ndipo kuwiritsa madziwo m'nyumba kumangosandutsa mankhwalawo nthunzi imene anthu omwewo apume.

Ku America anaphunzira zimenezi movutikira, ndipo malamulo awo ndi oyenera kuwayang'ana bwino chifukwa anabadwa m'mavuto enieni. Mu 1984 nyumba ya malamulo inawonjezera gawo lonena za mathanki okwiriridwa pa lamulo la zinyalala lotchedwa RCRA. Eni mathanki analamulidwa kuuza boma pamene mathanki awo ali, ngakhale aja amene anasiya kugwira ntchito kuyambira 1974 koma akadali pansi. Mu 1986 kunakhazikitsidwa thumba la ndalama loyeretsera malo amene mwini wake sakudziwika, wakana, kapena alibe ndalama. Thumbali limadzazidwa ndi kamsonkho kakang'ono pa galoni iliyonse ya mafuta a galimoto. Mu 1988 EPA inatulutsa malamulo atsatanetsatane, n'kupereka zaka khumi, mpaka 22 December 1998, kuti thanki iliyonse yakale ikonzedwe, isinthidwe kapena itsekedwe.

Malamulowo salankhula mozungulira. Mwini filingi siteshoni akangokayikira kuti mafuta akuchucha, ali ndi maola 24 oti adziwitse boma. Akafuna kutseka thanki mpaka kalekale, anene kutatsala masiku 30, aikhuthule, aitsuke, kenako aifukule kapena aidzaze ndi zinthu zolimba monga mchenga, ndipo asanachoke ayeze ngati pamalopo panatayikira mafuta. Wogulitsa mafuta ayeneranso kusonyeza kuti ali ndi inshuwalansi kapena chikole cha madola 1 miliyoni cholipirira kuyeretsa ndi kupepesa anthu oyandikana nawo. Chiyambire ntchitoyi, malo oposa 500,000 m'dzikolo atsimikizika kuti panatayikira mafuta. Chiwerengerochi sichikutanthauza kuti mathanki a ku America ndi oipa kuposa a kwina. Chikutanthauza kuti kumeneko anakumba n'kuyang'ana.

Kuyang'anako kumachitika ndi zitsime zoyezera, ndipo nzika yofuna kudziteteza iyenera kuzimvetsa, apo ayi aipusitsa ndi mapepala. Chitsime choyezera ndi dzenje lopapatiza lobooledwa ndi makina, loikidwamo paipi ya pulasitiki imene kumunsi kwake ili ndi timing'alu tolowera madzi. Sichotungapo madzi akumwa. Ntchito yake ndi kuulula zimene zili pansi. Pamwamba pake pamakhala chivundikiro chachitsulo chokhoma, ndipo anthu ambiri amachiponda osadziwa kuti n'chiyani.

Chitsime chimodzi sichikwanira. Pamafunika zitatu kapena kuposerapo, zosakhala pamzere umodzi, kuti poyerekeza kutalika kwa madzi m'zitsimezo akatswiri adziwe kumene madzi a pansi akulowera. China chimakumbidwa kumtunda kwa pamene panali thanki, kuti chisonyeze mmene madzi alili asanafike pamalopo. Zina zimakumbidwa pambali pa dzenje la thanki ndi kumunsi, kulowera kumene kuli nyumba za anthu. Kampani imene yakumba zitsime zake zonse kumtunda idzabweretsa lipoti loyera chaka chilichonse, pamene mafuta akuyenda mwakachetechete mbali inayo. Kuzama kwa timing'alu tija nakonso ndi nkhani. Tiyenera kukhala podutsa pamwamba penipeni pa madzi, dzinja ndi chilimwe chomwe. Tikakhala pansi kwambiri, mafuta oyandama aja amadutsa pamwamba osalowa m'paipi, ndipo woyeza amalemba kuti sanapeze kanthu.

Ngakhale katungidwe ka madzi oyeza kali ndi mwambo wake. Woyeza amayamba wapopa madzi amene anaima m'paipi, kuti atunge ochokera m'nthaka. Amawathira m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40, n'kudzaza mpaka pakamwa osasiya mpweya ngakhale pang'ono, chifukwa benzene amathawira mumpweya. Timabotoloto timaikidwa pa ayezi ndipo tiyenera kuyezedwa pasanathe masabata awiri. Aliyense amene watigwira, kuchokera kuchitsime mpaka ku labotale, amasaina pepala. Madzi otungidwa m'botolo la Sobo, n'kukhala tsiku lonse padzuwa mu minibasi, sangapereke umboni uliwonse. Kawirikawiri kuyeza kumachitika miyezi itatu iliyonse, kwa zaka ndithu, chifukwa zotsatira za mwezi umodzi zimatha kusiyana kwambiri ndi za mwezi wina malinga ndi mvula.

Chotonthoza mtima chilipo. Tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi timadya benzene pang'onopang'ono ngati mpweya wabwino ulipo, kotero pamalo ambiri mankhwalawa sapita kutali kwambiri ndi pamene panali thanki, ndipo pakapita nthawi amachepa. Koma zimenezi ziyenera kuoneka pa manambala, osati pakamwa pa mwini malo. Palinso mankhwala ena amene tizilomboti sitiwatha msanga. MTBE amasungunuka mosavuta ndipo amayenda pafupifupi liwiro la madzi omwewo, n'chifukwa chake anafika pa zitsime za Santa Monica. California inadzawaletsa kuyambira 2004. Petulo wakale wokhala ndi mtovu ankathiridwa mankhwala ena otchedwa EDB, amene malire ake ku America ndi ma microgram 0.05 okha pa lita, ndipo amapezekabe pansi patatha zaka makumi angapo. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, choncho filingi siteshoni imene inkagulitsa chaka chimenecho chisanafike mwina inasungapo petulo wotere. Labotale imapeza zokhazo zimene yauzidwa kufufuza. Ngati EDB sanalembedwe pa fomu, sadzaoneka pa lipoti.

Kufunika kwa manambalawa kunaonekera poyera m'dera la Jacksonville, m'boma la Baltimore, m'chigawo cha Maryland ku America. Kumayambiriro kwa 2006 paipi ya pansi pa filingi siteshoni ya Exxon inabooka, ndipo petulo anatayika masiku 37 anthu asanazindikire. Anatayika magaloni pafupifupi 26,000, omwe ndi malita pafupifupi 98,000, m'dera limene mabanja amamwa m'zitsime zawozawo. Anthu anakasuma. Mu 2011 khoti linagamula kuti gulu lina la mabanja lipatsidwe chipukutamisozi cha madola pafupifupi 1.5 biliyoni. Koma mu 2013 khoti lalikulu la Maryland linagwetsa gawo lalikulu la chigamulocho. Mwa zina, oweruza anati mantha okha akuti munthu adzadwala khansa si okwanira. Wodandaula ayenera kusonyeza kuti mankhwalawo anamufikadi, ndiponso pa mlingo wodetsa nkhawa. Wina atha kuona kuti chigamulochi chinali chouma mtima kwa anthu amene anakhala zaka akuopa madzi a m'nyumba mwawo, ndipo sangalakwe. Komabe phunziro lake ndi lomveka: kukhoti amafunsa pepala la ku labotale, lokhala ndi tsiku ndi dzina la chitsime.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Mafuta onse amene amalowa m'dziko muno kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam amakathera m'mathanki, ndipo a m'mafilingi siteshoni ndi okwiriridwa. Mafilingi siteshoni atsopano akumera m'mphepete mwa misewu ndi m'malo a malonda, ena moyandikana ndi nyumba za anthu, pomwe ena akale anatsekedwa malo ake n'kusanduka mashopu ndi magalaji. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa theka amamwa madzi a pa mjigo, ndipo m'matauni anthu ambiri anakumba zitsime pakhomo chifukwa mipopi imauma. Palinso china cha kwathu kuno: kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol akatayikira pansi, tizilombo tija timayamba kudya iyeyo n'kumaliza mpweya, kotero benzene amatha kuyenda mtunda wotalikirapo asanaphwanyike.

Nzika ya Malawi siili manja lende pankhaniyi. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko limapereka kwa boma udindo wosamala zachilengedwe, kupewa kuziwononga ndi kuonetsetsa kuti anthu akukhala ndi kugwira ntchito pamalo abwino, poganiziranso mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo la zachilengedwe la 2017, Environment Management Act, limapitirira apo: limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osadwalitsa, ndipo atha kukasuma kukhoti pofuna kuletsa zowononga. Lamulo lomweli limatsatira mfundo yakuti wowononga ndiye alipire, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe lili ndi mphamvu yolamula wowonongayo kukonza zimene waipitsa. Tanthauzo lake pa nkhani ya thanki ndi lakuti ndalama zokumbira zitsime zoyezera, zolipira labotale ndi zopezera anthu madzi ena siziyenera kuchoka m'thumba la mayi amene chitsime chake chaipa.

Mabungwe ena ali ndi mbali yawo. MERA ndiyo imapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta ndipo ili ndi mphamvu yoyendera malo awo. National Water Resources Authority, imene inabwera ndi lamulo la madzi la 2013, imayang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi omwe. Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a zomangamanga, choncho iyenera kudziwa pamene panali filingi siteshoni.

Chida chimene anthu ambiri sachigwiritsa ntchito ndi ufulu wodziwa. Gawo 37 la malamulo aakulu limapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Munthu wokhala pafupi ndi filingi siteshoni yakale atha kulembera MERA, MEPA kapena khonsolo kalata yofunsa mafunso osavuta: pamalopa panali mathanki angati, anafukulidwa kapena akadali pansi, dothi ndi madzi zinayezedwa liti, ndipo anapeza chiyani? Akakanizidwa kapena akangomunyalanyaza, atha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Ngati ofesi ya boma ikuzengereza popanda chifukwa, ofesi ya Ombudsman ilipo, ndipo wosowa ndalama za loya atha kupita ku Legal Aid Bureau. Kalata ya munthu mmodzi imatha kusochera. Yosainidwa ndi komiti ya mjigo, amfumu ndi khansala imavuta kuibisa m'kabati.

Lipoti likabwera, nzika isachite mantha ndi manambala. Ifunse kuti zitsime zoyezera zili pati poyerekeza ndi nyumba yake, madzi a pansi akulowera kuti, ndi mankhwala ati amene anafufuzidwa, ndipo makina a labotaleyo amatha kuona mlingo wochepa bwanji. Labotale imene singathe kuona benzene wochepera ma microgram 50 ikalemba kuti sinapeze kanthu, siinatsimikize kuti madziwo ndi abwino. Dziwaninso kuti kuyeza kwa nthawi zonse kwa madzi a pa mjigo, kofufuza tizilombo, mchere ndi zitsulo, sikuona petulo pokhapokha wina atapempha.

Ufulu umenewu uli ndi udindo wake. Madzi akayamba kununkha petulo kapena palafini, kapena pamwamba pake pakamaoneka mafuta onyezimira ngati utawaleza, banja lisiye kumwa, kuphikira ndi kusamba madziwo, lichenjeze anansi ndi kuuza alangizi a zaumoyo ndi ofesi ya zachilengedwe ya paboma tsiku lomwelo. Fungo la petulo likamamveka m'chitsime, m'chimbudzi chokumba kapena m'ngalande, pasayatsidwe moto pafupi. Banjalo lilembe tsiku, lijambule zithunzi, lisunge makalata onse. Kumudzi amati mlandu suwola, koma kukhoti umatha kuwola, chifukwa malamulo amaika malire a nthawi yosumira. Oyeza akabwera kudzapempha kutunga madzi m'chitsime cha pakhomo kapena kuboola chitsime choyezera pabwalo, ndi bwino kuwalola, koma pogwirizana kuti zotsatira zonse banjalo lipatsidwe zolembedwa. Ana asamasewere ndi zivundikiro za zitsimezi, ndipo asaponyemo miyala.

Wogula poloti m'tauni afunse anthu akale a m'deralo chimene chinali pamalopo, chifukwa mathanki sakhala m'mafilingi siteshoni mokha. Amapezekanso m'madepoti akale a mabasi, m'maesiteti, m'mafakitale ndi pamalo pamene panali jenereta yaikulu. Wogula malo otere osafufuza atha kugula ndi vuto lomwe. Nawo ogwira ntchito pa filingi siteshoni ali ndi mbali yaikulu, pakuti iwo ndi amene amapima thanki ndi ndodo tsiku ndi tsiku. Mafuta akamaperewera m'mabuku mlungu ndi mlungu, abwana ambiri amathamangira kuganiza kuti antchito akuba n'kuwadula malipiro, pamene mwina wakubayo ndi dzimbiri.

Chimene America inachita mu 1984, chowerenga thanki iliyonse yokwiriridwa kuphatikizapo yosiyidwa, sichifuna makina odula; chimafuna kaundula ndi lamulo lokakamiza eni ake kunena zoona. MERA, MEPA ndi makhonsolo ayenera kukhala ndi kaundula wotere, womuika poyera kuti aliyense amuwerenge, ndipo pasapezeke filingi siteshoni yololedwa kutseka kapena kusintha mwini madzi a pansi pake asanayezedwe. Podikira zimenezo, aliyense amene mjigo kapena chitsime chake chili kufupi ndi malo amene kale ankagulitsirapo kapena kusungirapo mafuta alembe kalata yofunsa ija mwezi uno, asiye kope kwa amfumu kapena kwa khansala, ndipo lina asunge yekha.